Chikatapila chomvera m'mawa, chamakani masana: nkhani ili m'kavavu

Amene anaimapo pafupi ndi makina okumba ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira, kapena pafupi ndi makina opakira nzimbe m'minda ya ku Nchalo, mwina anaziona izi koma osaziganizira. M'mawa mkono wa chikatapila umayenda ngati wa munthu: woyendetsa akangokhudza liva pang'ono, chifosholo chimasuntha pang'ono, akaleka chimaima pomwepo. Dzuwa likafika paliwombo, makina omwewo amayamba makani. Ukakankha liva sayankha msanga, kenako n'kudzidzimuka. Ukawaimitsa, mkono umagwedera kawiri katatu usanakhazikike. Ukausiya m'mwamba ndi katundu, umatsika wokha pang'onopang'ono ngati watopa.

Oyendetsa ambiri amati pampu yatha. Ena amati ndi silinda. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma kawirikawiri mlandu umakhala pa vavu ndi pa oyilo amene akudutsa m'vavuyo.

Makina a haidiroliki ali ndi zinthu zinayi zikuluzikulu. Pampu imakankha oyilo, mahozi amamunyamula, silinda imasandutsa mphamvu ya oyiloyo kukhala kukankha kapena kukoka, ndipo pakati pa pampu ndi silinda pamakhala vavu yomwe imalamula kuti oyilo apite kuti, wochuluka bwanji, komanso nthawi iti. Mfundo yake ndi yakale. Blaise Pascal wa ku France anaonetsa m'zaka za m'ma 1600 kuti ukapanikiza madzi otsekeredwa, mphamvuyo imafika mbali zonse mofanana, ndipo mu 1795 Joseph Bramah wa ku England anapanga makina opsinjira zinthu pogwiritsa ntchito mfundo imeneyi. Chasintha kuyambira nthawi imeneyo ndi kukula kwa pulesha, yomwe imayezedwa mu mabaa. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mabaa 2 kapena kuposerapo pang'ono. Chikatapila chamakono chimagwira ntchito pa mabaa 300 mpaka 350.

M'kati mwa vavu yolamula mayendedwe muli kachitsulo kobulungira, kotalika ngati chala kapena kuposa, komwe amakaniko amakatchula kuti spool. Kali ndi mapewa ndi mipata. Kakasuntha kupita kumanja, kamatsegula njira ya oyilo yopita mbali imodzi ya silinda. Kakapita kumanzere, mbali inayo. Kakakhala pakati, njira zonse n'zotseka. Kuyenda kwake konse ndi mamilimita ochepa chabe. Matani a dothi amene chifosholo chimanyamula amamvera kachitsulo kameneka.

Vavu ikhoza kutsegula bwino, kutseka bwino, osadontha, koma n'kukhalabe yoipa. Funso lenileni ndi la zimene zimachitika pakati pa lamulo ndi kumvera. Liva yasuntha, padutsa nthawi yaitali bwanji spool isanayambe kuyenda? Itayamba, yatenga nthawi yotani kufika pomwe yatumidwa? Kodi yaima pomwepo, kapena yapitirira n'kubwerera? Nanga ikatumidwa kupita uku ndi uku mofulumira, imatsatira mpaka pati isanayambe kutsalira? Akatswiri amayeza zimenezi m'tizigawo ta sekondi, ndipo kuti vavu imatha kutsatira malamulo angati pa sekondi amawerenga mu hertz. Woyendetsa alibe manambalawo koma amazimva m'dzanja.

Kuchedwa koyamba kumachokera ku kapangidwe ka spool yeniyeniyo. Kuti oyilo asamadutse vavu ikakhala pakati, mapewa a spool amapangidwa otambalala kuposa mabowo omwe amatseka. Ndiye pamakhala kamtunda komwe spool imayenda koma palibe chomwe chatseguka. Wakabaza aliyense wa pa Dyeratu amaudziwa mtundawu: buleki ya njinga ikamasuka, umafinya chogwirira mpaka theka koma njinga ikungopita, kenako mabuleki n'kugwira mwadzidzidzi, wokwera kumbuyo n'kukugunda pamsana. Pa mavavu ambiri oyendera magetsi, kamtunda kakufa kameneka kamadya gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 10 a ulendo wonse wa spool.

Opanga mavavu amathana nazo m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kusema timipata ting'onoting'ono, ta makona atatu kapena tobulungira, m'mphepete mwa mapewa a spool, kuti njira izitseguka pang'onopang'ono m'malo motseguka yonse nthawi imodzi. Timipata timeneti ndi tomwe timapatsa makina aliwonse khalidwe lake, n'chifukwa chake kutenga spool ya makina ena n'kuivala pa ena chifukwa choti yalowa bwino ndi kulakwitsa kwakukulu, ngakhale kumachitika kwambiri kumene sipeya ndi wosowa. Njira yachiwiri ndi ya magetsi: kabokosi kolamula vavu kamaphunzitsidwa kuti lamulo likangobwera, kazidumphitsa spool kamtunda kakufako nthawi yomweyo. Kakachunidwa mochepa, kuchedwa kumatsalabe. Kakachunidwa mopitirira, makina amadumpha ukangowakhudza.

Vuto lachiwiri ndi kukakamira. Chinthu chomwe chaima chimafuna mphamvu yambiri kuti chiyambe kuyenda kusiyana ndi chomwe chikuyenda kale. Amene anakankhapo ngolo yodzaza thonje ku Ngabu sangatsutse. Spool nayonso ikaima imakakamira, ndiye lamulo laling'ono silimaisuntha, kenako lamulo likakula imachoka modumpha. Zotsatira zake n'zakuti malo amodzimodzi a liva amapereka liwiro losiyana, malingana ndi kuti ukuwonjezera kapena ukuchepetsa. Mankhwala ake ndi oseketsa ukawamva koyamba: amaichititsa spool kunjenjemera dala. Magetsi opita ku koyilo, waya wokulungidwa yemwe amasuntha spool magetsi akadutsamo, amawaphatikiza ndi kanjenje kakang'ono kwambiri, kobwera kambirimbiri pa sekondi, koti spool isapeze mpata wokhazikika n'kukakamira, koma kosakwanira kugwedeza silinda. Mu Chingerezi amati dither. Mavavu odula amawonjezeranso sensa yomwe imaona pomwe spool ili n'kumauza kabokosi kolamula, kabokosiko n'kumakonza nthawi yomweyo. Popanda sensa, kusiyana kuja kumafika magawo angapo pa 100. Ndi sensa, kumatsika osafika ndi gawo limodzi lomwe.

Pali mdani wina yemwe saoneka, ndiye oyilo mwiniwake. Akamadutsa mothamanga pa kampata kotseguka pang'ono, amatuluka chopendekera, pa madigiri pafupifupi 69, ndipo kuthamanga kumeneko kumakoka spool kuti itseke. Oyilo akachuluka ndiponso pulesha ikakwera, kukokako kumakula mpaka kuposa mphamvu ya koyilo. N'chifukwa chake mavavu akuluakulu sasunthidwa ndi magetsi mwachindunji. Kavavu kakang'ono kamalandira lamulo, kenako n'kutumiza oyilo wa pulesha yochepa kukakankha spool yaikulu. Pa zikatapila zambiri liva yomwe woyendetsa wagwira imangolamula oyilo wotumidwayu, wa mabaa 30 mpaka 40. Kafyuluta ka njira imeneyi kakatsekeka, kapena pulesha yake ikatsika, makina onse amakhala aulesi pomwe pampu yaikulu ili bwinobwino. Mapampu ambiri amasulidwa ndi kutayidwa pa mlandu wa kafyuluta kakang'ono ngati chala chamanthu.

Komanso kuchuluka kwa oyilo wodutsa pa kampata sikudalira kukula kwa kampatako kokha. Kumadaliranso kusiyana kwa pulesha kutsogolo ndi kumbuyo kwake, ndipo kusiyanako kukawonjezeka kanayi, oyilo wodutsa amawonjezeka kawiri. Ndiye mkono wopanda katundu umathamanga, wolemedwa umachedwa, liva ili pamodzimodzi. Makina atsopano ali ndi kavavu kena komwe ntchito yake ndi kusunga kusiyana kumeneku kuti kusasinthe, ndipo pampu imamva kulemera kwa katundu kudzera m'kapaipi kakang'ono n'kumapereka pulesha yongokwanira. Izi zimapulumutsa dizilo ndipo oyilo satentha kwambiri. Koma kapaipi komverera kameneka kakakhala kotalika kapena mukalowa mpweya, pampu ndi vavu zimayamba kulimbana, ina ikuwonjezera pomwe inzake ikuchepetsa, makina n'kumanjenjemera.

Pamwamba pa mavavu onse pali a servo. William Moog anayambitsa kampani yake ku New York mu 1951 ndi vavu yamtunduwu, yomwe inagwiritsidwa ntchito kwambiri pa ndege. Ilibe kamtunda kakufa, ndipo imatha kutsatira malamulo opitirira 100 pa sekondi. Ntchito zina zimafunadi vavu yomvera mwachangu komanso molondola. Ku Kapichira, komwe makina anayi amapanga mamegawati 129.6, zitseko zolowetsa madzi m'makina opukusa zimayendetsedwa ndi oyilo, ndipo ziyenera kutseguka kapena kutsekeka pang'ono nthawi iliyonse anthu akayatsa kapena kuzimitsa zinthu, kuti magetsi akhalebe pa 50 hertz.

Ndiye munthu angaganize kuti yankho ndi losavuta: gula vavu yothamanga kwambiri, mavuto atha. Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi ogulitsa.

Timaphunzitsidwa kuti oyilo safinyika, koma amafinyika ndithu. Pa mabaa 100 aliwonse amachepa ndi magawo pafupifupi 0.7 pa 100. Zikuoneka zochepa, koma pa mabaa 300, oyilo wodzaza silinda yotalika mita imodzi amafinyika masentimita awiri. Kutanthauza kuti katundu yense wakhala pa sipuling'i. Tsono katundu wolemera akakhala pa sipuling'i amakhala ndi kagwederedwe kakekake, monga zimachitira ndowa ziwiri zamadzi zopachikidwa pa mtengo wofewa paphewa: ukayenda modekha zimakutsatira, ukadzidzimuka zimayamba kuvina ndipo madzi amatayika. Mkono wautali wa chikatapila wonyamula dothi lonyowa umagwedera kochepa chabe pa sekondi. Kuuikira vavu yotsatira malamulo 100 pa sekondi kuli ngati kuitana wothamanga mpikisano kuti atsogolere ng'ombe zapangolo. Iye afika, koma ngolo igubuduka. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika.

Chomwe chimafunika ndi kulimbitsa sipuling'iyo ndi kufewetsa lamulo. Kulimbitsa kumayamba ndi kuchotsa mpweya. Oyilo amasunga mpweya wosungunuka wokwana magawo 8 kapena 9 pa 100, ndipo umenewo suvuta. Wovuta ndi wa thovu, wolowa pa hozi yoyamwira yomwe yamasuka kapena thanki ikachepa oyilo. Thovu pang'ono chabe limafewetsa oyilo kwambiri, makamaka pa pulesha yotsika, ndipo mkono umakhala ngati wa siponji. Mukatsegula thanki n'kuona oyilo ali ndi thovu ngati thobwa lowira, musayambe n'kumasula vavu. Kenako mahozi. Hozi ya labala imafufuma pulesha ikakwera, ndiye iliyonse yomwe yawonjezedwa, kapena yotalika kuposa yoyamba chifukwa ndi yomwe inapezeka ku Blantyre tsiku limenelo, imawonjezera kufewa. Pomwe palibe kupindika, paipi yachitsulo ndi yabwino kuposa hozi, ndipo vavu ikayandikira silinda makina amamvera msanga.

Kufewetsa lamulo ndiye kumafuna kudziletsa. Kabokosi kolamula kamatha kuchunidwa kuti ngakhale woyendetsa akankhe liva mwankhanza, spool izitseguka ndi kutseka mwa kanthawi, mwina theka la sekondi. M'njira za oyilo wotumidwa muja opanga amaikamo timabowo ting'onoting'ono tochedwetsa, tina tosafika ndi milimita imodzi. Makaniko wosadziwa akakapeza kabowo kotere amaganiza kuti ndi kotsekeka, n'kukakulitsa ndi waya kapena kukachotseratu. Mawa lake vavu yotetezera pulesha imayamba kulira ngati nyenje, kapena mkono kunjenjemera potsika. Kabowoko kanali ndi ntchito yofanana ndi ya mashoko a galimoto. Makina ena alinso ndi botolo lachitsulo la mpweya wa nayitirojeni lomwe limameza kugunda kwadzidzidzi. Botolo limenelo salipopa ndi mpweya wamba wa kompuresa, chifukwa okosijeni akakumana ndi oyilo pa pulesha yaikulu akhoza kuphulika.

Zonsezi n'zoona kulikonse pa dziko lapansi. Za kuno kuchigwa cha Shire ndi ziwiri, kutentha ndi fumbi, ndipo ndi zomwe zimayankha funso la m'mawa ndi masana lija.

Nambala yolembedwa pa diramu ya oyilo, 46 kapena 68, imanena kukhuthala kwake pa madigiri 40. Ku Ulaya, madigiri 40 ndi oyilo wofunda kale. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa mu Okutobala ndi Novembala, mpweya weniweniwo umapitirira madigiri 40 makina asanalizidwe n'komwe. Oyilo wa 46 akafika madigiri 60, kukhuthala kwake kumatsikira cha m'ma 20, ndipo pa madigiri 80 kumakhala cha m'ma 11. Wasanduka ngati madzi a mpunga. Amazembera m'mbali mwa spool mochuluka kanayi kuposa m'mawa, n'chifukwa chake mkono umatsika wokha. Oyilo wotumidwa amataya mphamvu, n'chifukwa chake kuyankha kumachedwa. Timabowo tochedwetsa tija sitigwiranso bwino, n'chifukwa chake kugwedera kumachuluka. Ndipo oyilo wozemberayo amasanduka kutentha kwina, kutenthako n'kuwonjezera kuzemba. Amisiri ali ndi lamulo lawo loti kupitirira madigiri 60, madigiri 10 aliwonse owonjezera amadula moyo wa oyilo ndi theka. Oyilo wopsa amasiya utomoni wofiirira pa spool, kukakamira kuja n'kubwerera.

Choyamba kuchita pano sichifuna ndalama: kutsuka choziziritsira oyilo. M'nyengo yodula nzimbe, mwaye wa minda yotenthedwa ndi zinyalala za masamba zimamata timapiko take m'masiku ochepa. Chachiwiri ndi kuwerenga buku la makina pa tsamba losonyeza oyilo woyenera nyengo yotentha. Ambiri amalola 68, kapena oyilo wolembedwa HV yemwe sapyapyala msanga akatentha. Kuthiramo oyilo wa injini kuti akhuthale ndi nzeru ya lero lokha.

Nkhani ya fumbi ndiyo yovuta kuwatsimikizira anthu, chifukwa fumbi lowononga silioneka. Mpata wa pakati pa spool ndi nyumba yake ndi mamaikironi ochepa, nthawi zambiri osafika 10 (mu milimita imodzi muli mamaikironi 1,000). Tsitsi la munthu ndi lokhuthala mamaikironi pafupifupi 70, ndipo diso silitha kuona kanthu kochepera mamaikironi 40. Ndiye oyilo akhoza kuoneka woyera mbee padzuwa koma ali wodzaza ndi timchenga tofanana ndendende ndi mpata wa spool. Timchengati timachita ziwiri. Timadzaza mpatawo mpaka spool kumatirira, makamaka ikakhala nthawi yaitali osasuntha ili pa pulesha. Komanso timapala m'mphepete mwa mapewa ndi timipata tosemedwa tija, mpaka khalidwe lonse la vavu kusintha. Mpata ukakula kawiri, oyilo wozemba amachuluka kasanu ndi katatu.

Ukhondo wa oyilo umayezedwa ndi muyezo wa ISO 4406, womwe umalembedwa ndi manambala atatu, monga 18/16/13. Amaimira tizidutswa topitirira mamaikironi 4, 6 ndi 14 mu mililita imodzi, ndipo nambala ikakwera ndi 1 ndiye kuti tizidutswa tachuluka kawiri. Mavavu a servo amafuna oyilo woyera kwambiri kuposa mavavu wamba. Chodabwitsa n'chakuti oyilo watsopano wa m'diramu nthawi zambiri amakhala wakuda kuposa momwe mavavu amakono amafunira, ndiye amayenera kudutsa m'fyuluta polowa m'thanki. Tsono taganizirani momwe timathirira kuno: chigubu chodulidwa pakamwa chomwe chagona panja usiku wonse, mphepo ya mwera ikuwomba, chivindikiro cha thanki chaikidwa pa tayala. Mphindi zisanu zimenezo zimafafaniza ntchito ya fyuluta ya mwezi wathunthu. Kachipumiro ka pamwamba pa thanki nako kamaiwalika, chonsecho silinda ikatuluka ndi kulowa thanki imapuma mpweya wa m'munda womwewo.

Madzi nawo ndi mlendo wathu wa chaka ndi chaka. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anawononga damu la Kapichira, wa Freddy mu Malichi 2023 anamizanso madera ambiri a chigwa chino, ndipo ngakhale chaka chabwino Shire, Ruo ndi Mwanza sizilephera kusefukira penapake. Makina omwe anaima m'madzi, kapena omwe anangosiyidwa pamvula chipumiro chili chong'ambika, oyilo wake amasanduka woyera ngati tiyi wamkaka. Ameneyo achotsedwe yense, ndi wa m'masilinda ndi m'mahozi momwe, spool isanachite dzimbiri.

Pofufuza podontha, musayendetse dzanja pa hozi. Kabowo konga ka singano pa mabaa 200 kamabaya khungu n'kulowetsa oyilo m'mnofu. Bala lake limaoneka ngati munga wakulasani, koma limafuna opaleshoni tsiku lomwelo, apo ayi chala chimadulidwa. Gwiritsani ntchito kachidutswa ka katoni.

Ntchito ya Shire Valley Transformation Programme ikufuna kuthirira mahekitala 43,370 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, ndipo paliponse pomwe madzi adzachoke m'ngalande n'kulowa m'mapaipi, alimi adzakumana ndi nkhani yomweyi pa mavavu a madzi. Kumeneko vavu yotseka mofulumira ndiyo yoopsa. Nikolai Joukowsky wa ku Russia anayeza zimenezi pa mapaipi a madzi a mzinda wa Moscow ndipo anafotokoza zotsatira zake mu 1898: madzi oyenda mita imodzi pa sekondi m'paipi yachitsulo akaimitsidwa mwadzidzidzi, pulesha imalumpha ndi mabaa pafupifupi 10, ndipo oyenda mamita awiri pa sekondi, mabaa 20. M'mapaipi apulasitiki kulumphako n'kocheperapo, koma nawonso sapirira ngati achitsulo. Paipi ikatalika, nthawi yotsekera iyenera kutalikanso, ndipo gawo lomaliza la kutseka ndi lomwe limafuna kudekha kwambiri, chifukwa vavu zambiri zimadula madzi ochuluka zikatsala pang'ono kutsekeka. Mavavu odzilamula okha a m'minda yothirira ali ndi kasikuluwu kochunira liwiro la kutseka, komanso kasefa koteteza timapaipi take ting'onoting'ono. Madzi a Shire m'nyengo ya dzinja amabwera ofiira ndi matope, ndiye kasefako kamafuna kutsukidwa pafupipafupi kuposa momwe buku lolembedwa kunja limanenera.